Phala la Gerishon

Kuwodi ya amuna, wodwala amakhala wa gadiyani wake. Anesi amabwera ndi mankhwala, adokotala amadutsa m'mawa ndi gulu lawo, koma womusambitsa, womutembenuza, womutayira zoipa ndi womudyetsa ndi uja amagona pansi pa bedi. Eliness ankaidziwa bwino ntchito imeneyi. Anagonapo pansi pa bedi la mayi ake, anagonaponso pansi pa bedi la mwana wake Chiyamiko. Ndiye pamene mwamuna wake Gerishon anagwidwa ndi chibayo, a pachipatala chaching'ono cha ku Midzemba n'kuwatumiza ku boma, iye anangoyala chitenje pasimenti n'kuyamba ntchito osafunsa munthu.

Koma chibayo cha Gerishon sichinali chamasewera. Munthu ankapuma ngati wakwera chitunda atasenza thumba la manachesi, pamene wangogona. Milomo inayamba kuda. Ukamufunsa kanthu, ankayankha liwu limodzi n'kusinza. Tsiku lina adokotala anaima nthawi yaitali pabedi lake, akuwerenga kapumidwe kake, kenako anatembenukira kwa Eliness.

"Mayi, bambowa tiwasamutsa. Muno namwino ndi mmodzi, odwala ndi onsewa mukuwaonawa. Awa akufunika munthu wowayang'ana osaphethira."

Chipinda chimene ankanenacho chinali kumapeto kwa khonde, cha chitseko chagalasi, mabedi anayi okha. Kukhitchini kwa magadiyani, kumene kuli akatswiri odziwa matenda kuposa amene anapita kusukulu yake, anali atachipatsa kale dzina. Ankati ndi Kotsanzikira. Ankati ukaona m'bale wako akulowa m'menemo, yamba kuimba foni kumudzi. Eliness anatsatira bedi la mwamuna wake atanyamula beseni ndi bulangete.

Pakhomo anakumana ndi namwino wamfupi, wa mawu osakwera, dzina lake Tawonga. Dzina la kukhitchini lija ankalidziwa, ndipo sanadikire kuti Eliness alitchule.

"Kuno si kotsanzikira, mayi. Kuno ndi pakati. Munthu amene matenda amukulira moti kuwodi sangakhale, koma sanafike pofuna makina omupumira aja a ku Blantyre, amakhala kuno. Timamupatsa mpweya, timamuyang'ana. Akapeza bwino timamubwezera kuwodi. Amafa ena, sindinama, chifukwa amabwera kuno ndi odwalitsitsa. Koma ambiri amatuluka."

Kenako anamuuza malamulo. Gadiyani sagona m'menemo. Amalowa nthawi yoonera odwala, mmodzimmodzi, atasamba m'manja. Ndipo Gerishon asapatsidwe kanthu kalikonse pakamwa, ngakhale madzi.

"Ngakhale madzi?"

"Ngakhale madzi. Akupuma mothamanga kwambiri, komanso akusinzasinza. Mukawapatsa kanthu, kadzalowera kolakwika n'kupita m'mapapo. Pakali pano dilipi iwasunga. Mukalola, tiwaika kapaipi m'mphuno kopita m'mimba, tiziwapatsira phala lamadzimadzi m'menemo."

Za kapaipizo Eliness anati ayambe wadikira abale a mwamunayo. Mwamuna ndi wako akamalima, akadwala amakhala ndi eni ake.

Mwini wake anafika m'mawa mwake pa njinga yamoto kuchokera ku Magaleta, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anali Loveness, mlongo wake wamkulu wa Gerishon, mayi wa mawu omveka kutsidya la mtsinje. Ankamukonda mlongo wakeyo, zimenezo palibe angatsutse, poti anamubereka kumsana ali khanda. Atangomva za kapaipi anagwira m'chiuno.

"Paipi m'mphuno? Ayi ndithu! Azakhali athu anawaika chimenecho Lachiwiri, Lachisanu tinali kumanda. Achimwene anga ali ndi pakamwa."

Tawonga anafotokoza kawiri, mofatsa. Anafunsanso Gerishon mwini wake atatsegula maso, ndipo iye anapukusa mutu. Kunena zoona, Eliness nayenso ankakaopa kapaipiko. Nkhani inathera pomwepo.

Tsono Eliness anakhala munthu wopanda ntchito, ndipo zinkamuwawa kuposa kugona pasimenti. Manja ozolowera kupukuta ndi kutembenuza anangokhala pamiyendo. Ankakhala pabenchi moyang'anizana ndi chitseko chagalasi n'kumaonerera ena akugwira ntchito yake. Poonerera choncho anaphunzira zambiri. Pachala cha Gerishon anapanapo kapegi konga koyanikira zovala, kowala mofiira, kokhala ndi chingwe chopita kumakina a pamutu pa bedi. Makinawo ankaonetsa nambala ya mpweya wa m'magazi mwake. Gerishon akachotsa masiki ya mpweya ali m'tulo, nambala ija inkatsika, makina n'kuyamba kulira, ndipo asanalire kachiwiri Tawonga kapena mnzake anali atafika kale. Kuwodi, Eliness ankathamanga kukaitana namwino n'kumupeza ali ndi wodwala wina, n'kudikira. Kuno panalibe zothamanga. Anavomereza mumtima kuti chipindachi chili ndi nzeru zake.

Anaonanso a Idrisa, a golosale ya pamsika, amene anawapeza pabedi loyandikana ndi la Gerishon ali chikomokere. Tsiku lina anawatulutsa atakhala tsonga pa njinga ya odwala, akukalipira akazi awo a Hadija kuti asiya shopu m'manja mwa mwana wosadziwa kuyeza shuga. A Hadija ankangoseka, misozi ili mbwembwembwe. Anabwerera kuwodi anthu aja. Kukhitchini nkhani imeneyi sinayende kwenikweni, poti nkhani ya munthu wochira sikoma pokamba.

Kukhitchiniko ndi kumene kunali moto. Mayi aliyense ankaphikira wodwala wake, wina phala, wina mbatata, wina tinsomba touma tochokera ku Matope, n'kumapita nazo kuwodi atavindikira ndi mbale. Eliness yekha ndi amene ankaphikira anthu abwinobwino. Loveness sankamunena maso ndi maso. Ankangoimba foni kwa mayi ake ku Magaleta ataima pamalo poti aliyense amve.

"Sakudya, mayi. Ayi, ngakhale phala. Madzi a m'botolo basi, ngati duwa. Akazi akewo? Alipo. Angokhala phee pabenchi, akuti akutsata malamulo."

Kenako anamupatsira foni Eliness. Mawu a apongozi ake anali apansipansi, osakalipa, ndipo n'chifukwa chake analasa.

"Mayi a Chiyamiko, mwana wanga anasiya kwawo n'kukakulimirani kwanu zaka zonsezi. Sindinamvepo kuti munagona ndi njala. Ine ndili kutali, miyendo inakana. Maso anga ndinu."

Eliness anayankha kuti wamva. Anabweza foni n'kupitiriza kutsuka poto amene anali atamutsuka kale.

Ndiye taonani, Gerishon anayamba kupeza bwino. M'mawa wina Eliness atalowa anapeza maso ali otsegula, akumutsatira. Anamugwira dzanja. Gerishon anayankhula kanthu m'kati mwa masiki, ndipo Eliness anawerama kuti amve.

"Njala."

Tawonga anamva, ndipo anamwetulira koyamba chifikireni iwo.

"Amenewo ndi mawu abwino, bambo. Mpweya tayamba kuchepetsa. Koma kapumidwe sikanakhazikike, ndipo mukumagwabe m'tulo pakati pa mawu. Mukapitiriza chonchi, mawa adokotala akakuonani tidzayesa timadzi pasipuni, ine ndili pomwepo. Lero ayi."

Eliness anatuluka mtima uli m'malo, n'kukamuuza mlamu wake kuti mawa ayamba kumwa. Ankayesa kuti wabweretsa nkhani yabwino.

"Mawa!" anatero Loveness. "Munthu wapempha ndi pakamwa pake, inu mukuti mawa? Alamu, kodi mtima wanu ndi wotani? Wodwala akapempha chakudya ndiye kuti moyo wabwerera, umafunika kuulandira pomwepo. Mukaukaniza umabwerera kumene unachokera. Anesiwo adya kale kwawo, tiyi ndi buledi."

Amayi a m'khitchini anavomereza. Wina anati mwamuna wake anadzuka ndi phala la mgaiwa, osati jakisoni. Wina anati achipatala amadziwa mankhwala, koma za m'mimba mwa munthu amadziwa ndi mkazi wake. Eliness anayesa kunena za mapapo zija, koma m'kamwa mwake zinamveka zopepuka, ngati za mwana wobwereza zimene wamva kusukulu. Komanso liwu lija linali likumulirabe m'khutu. Zaka zonse za ukwati wawo, Gerishon anali asananenepo kuti njala iye n'kukhala osaimirira.

Loveness anaphika yekha phala la mgaiwa, lothira nsinjiro, losalimba kwambiri. Analithira m'kapu ya chivindikiro n'kumupatsa Eliness pamodzi ndi sipuni.

"Ndinu mkazi wake. Ntchito ndi yanu. Ine ndiima pagalasi."

Nthawi yoonera odwala ya masana inakwana chipinda chili piringupiringu. Anali atangolowetsa mayi wina amene anataya magazi ambiri pobereka, ndipo Tawonga, mnzake ndi adokotala onse anali kuseri kwa katani pabedi lakumapeto. Tawonga anasuzumira, n'kuona kuti ndi Eliness, mayi wosavuta uja, n'kumukodola kuti alowe. Ali kuseriko ankatha kuona makina a mabedi enawo pamwamba pa katani, ndipo ankaponyako diso pafupipafupi.

Eliness anakhala pambali pa bedi kapu ili m'chitenje. Ankadziwa chimene chichitike akangokweza masiki. Nambala itsika, makina alira, namwino afika, ndipo iye atuluka ndi phala lake anthu onse akuona. Anayang'ana kapegi kaja. Nzeru inamubwerera yokha, yosavuta, moti anadabwa kuti ena sanaiganizepo. Anakachotsa pachala cha mwamuna wake n'kukapana pachala chake. Makina analira kamodzi, pang'ono, n'kukhala chete. Nambala inabwerera, ndipo inakwera kuposa kale.

"Bambo a Chiyamiko, dzukani. Ndabwera nalo."

Anakweza masiki n'kuiika pachipumi. Gerishon anatsegula pakamwa maso ali otseka. Sipuni yoyamba inalowa, anameza. Yachiwiri, anameza. Eliness anasangalala, tisabise, anasangalala kwambiri. Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'chipindacho anadzimva kuti ndi mkazi wa munthu. Pagalasi Loveness ankagwedeza mutu kuti pitirizani.

Anapitiriza. Sanaone kuti mwamunayo wayambanso kusinza phala lili m'kamwa, ndiponso kuti chifuwa chayamba kukwera ndi kutsika mothamanga. Gerishon anakoka mpweya mwamphamvu, ndipo phala linapita nawo. Anatsokomola kamodzi, chifuwa chopanda mphamvu. Kenako kukhosi kunayamba kumveka ngati madzi akuwira mumphika wovindikira. Maso anatuzuka. Eliness anamudzutsa pang'ono n'kumamumenya pamsana monga amachitira mwana akatsamwa, akunong'ona kuti lavulani, lavulani. Sanaitane munthu. Ankaopa, ndipo ankati mwina zitha zokha. Pamutu pawo makina anali phee, akuonetsa nambala ya mayi wathanzi wolima nandolo.

Nambala yomweyo ndi imene inamubweretsa Tawonga. Anaponya diso pamwamba pa katani n'kuona nambala imene Gerishon anali asanaifikepo chibwerereni, ndi kugunda kwa mtima kosakhala kwake. Anasiyira mnzake chimene anagwira n'kubwera mothamanga. Anaona masiki pachipumi, kapu pabulangete, chingwe chikupita kudzanja la Eliness. Sanafunse kanthu. Anachotsa kapegi pachala cha mkazi n'kukabwezera pachala cha mwamuna, ndipo makina anakuwa moti ngakhale a pakhonde anaimirira.

"Adokotala, kuno! Mayi, tulukani."

Eliness anatuluka chambuyo. Ali pagalasi anaona akumugoneka Gerishon chammbali, akulowetsa kapaipi kukhosi, makina ena akukoka. M'botolo la makinawo munayamba kugwa phala, nsinjiro zake zikuoneka. Kenako wina anakoka katani.

Patapita nthawi adokotala anatuluka n'kuwaitanira pambali awiriwo. Sanakalipe. Ananena kuti chakudya chalowa m'mapapo, mapapo amene anali odwala kale. Zina azikoka, zina zatsikira kumene kapaipi sikafika. Mpweya wa m'chipinda chino sukukwaniranso. Tsopano akufunika makina omupumira, ndipo amenewo ali ku Blantyre. Aimba foni, bedi lapezeka, ambulansi ikubwera.

Adokotala atangotembenuka, Loveness anafwenthera pambali.

"Phala linaphapo ndani? Akufuna pothawira amenewa. Amufooketsa okha ndi njala, lero akuti phala. Alamu, musawamvere."

Tawonga anatuluka atanyamula beseni ndi bulangete zija, n'kumupatsa Eliness. Anamupatsanso kapu, atatsuka. Nkhope yake inali yotopa basi.

"Mukwere nawo, mayi. Mukhale kumutu, muziwayankhula. Amamva."

Eliness anafuna kunena kanthu, koma namwino anali atabwerera kale kwa mayi wa magazi uja.

Msewu wochoka ku boma aliyense amaudziwa, sufuna munthu wofulumira. Ambulansi inkagwa m'maenje n'kumadzuka, fumbi likulowa m'mazenera otseka. Namwino wina wamwamuna anagwada pambali pa machira akufinya chithumba chopopera mpweya, kufinya, kusiya, kufinya, kusiya, thukuta lili kamukamu. Eliness anakhala kumutu monga anamuuzira, akuyankhula za nandolo amene wayamba kuuma, za mbuzi imene yatsala pang'ono kuswa, za Chiyamiko ndi mayeso ake. Anafika pa tala dzuwa likadalipo. Asanafike pa mlatho wa Zalewa, namwino anagogoda kuti dalaivala aime. Anagwira pakhosi pa Gerishon, anamvetsera pachifuwa, anayesa zimene amayesa. Kenako anaika chithumba chija pansi. Ambulansi inatembenuka n'kubwerera pang'onopang'ono.

Maliro anakachitikira kwawo kwa mwamuna, ku Magaleta. Anthu anabwera ambiri, poti Gerishon anali munthu wosakana kubwereka khasu. Achibale anamukhazika Eliness m'nyumba ya siwa pafupi ndi bokosi, atazunguliridwa ndi amayi a mvano. Ankayembekezera kuti nthawi ina iliyonse wina amuloza chala. Anali atakonzeka, ndipo mwina zikanamupepukira.

Koma Loveness anali atafika kale ndi nkhani yake, ndipo anali ataikamba kukhitchini, pachitsime ndi kwa aliyense wolowa kudzakhuza. Ankaikamba bwino, ndi manja omwe. Mmene achipatala anamutsekera mlongo wake m'chipinda chagalasi osamupatsa ngakhale dontho la madzi. Mmene mlamu wake, mayi wofatsa uja, analowera ndi kapu m'chitenje. Mmene anapusitsira makina a azungu ndi chala chake, makina n'kukhala chete ngati mwana wopatsidwa bere. Pamenepa amayi ankagwira pakamwa, ena mpaka kuseka pang'ono m'kati mwa chisoni.

M'mawa wa tsiku loika, apongozi ake anakwawa kuchoka pamphasa yawo n'kudzakhala pafupi naye. Anali mayi wokalamba, wowuma ngati chitsa, maso atatupa.

"Mayi a Chiyamiko, ndinkakukayikirani, ndikhululukireni. Loveness wandiuza zonse. Enawo anamukaniza, koma inu munalimba mtima. Mwana wanga wapita atadya cha m'manja mwa mkazi wake. Ine mtima wanga wagona. Mulungu akudalitseni, pakhomo pano ndi panu."

"Mayi," anatero Eliness, "phalalo ndi limene..."

Asanamalize, amayi a mvano anamugwira mapewa. Chisoni, anatero, musiyeni alire. Wina anayambitsa nyimbo, onse n'kulandira.

Nyimbo ili m'kati, mtsikana wina anasendera pafupi, mwana ali kumsana. Eliness sankamudziwa. Anati ndi Clara, wa mudzi wa kuseri kwa phiri, ndipo anayankhula monong'ona, mwaulemu, maso ali pansi.

"Pepani amayi, si nthawi yake. Koma bambo anga anawalowetsa m'chipinda chomwecho dzana. Nawonso awakaniza kudya. Ine ndikupita mawa kukalandira mng'ono wanga. Ndimati ndifunse, kapegiko mumangokachotsa basi, kapena pali pena pofunika kudina?"

Eliness anamuyang'ana. Anamugwira pamkono mwamphamvu moti mtsikanayo anadzidzimuka.

"Musawapatse. Ngakhale apemphe, ngakhale alire. Dikirani anesi."

Clara anadabwa. Anayang'ana kwa Loveness, amene ankaimba maso ali otseka, n'kuyang'ananso kwa Eliness.

"Koma inu munawapatsa."

"Eee," anatero Eliness. "Ndinawapatsa."

Pakhomo panada. Anali adzukulu, atabwera kudzanyamula bokosi.